Kompyuta ya Mtedza wa Amayi

Ndalama zimene ndinaononga pa nkhani iyi sizinali zanga, n'chifukwa chake yakhala ikundivuta kuikamba. Zinali za amayi. Anagulitsa mtedza umene anakolola mu 2021, ndalamazo n'kukaziika ku banki mkhonde ya m'mudzi mwathu ku Mchinji. Tsiku limene anagawana mu Disembala anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, anamasula mfundo ya pachitenje n'kunena kuti, "Mwananga, ndamva kuti kuyunivesite munthu saphunzira popanda kompyuta. Tenga izi, ukagule." Malume anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumizanso kangachepe koonjezera. Zonse pamodzi zinali zokwanira kompyuta imodzi yakaunjika, ndipo pakhomo pathu aliyense ankadziwa kuti ndalama zoterozo sizidzapezekanso msanga.

Achemwali anga, amene anaphunzira za unamwino, anandiimbira foni usiku womwewo. Mawu awo anali ochepa: "Ukagule laputopu. Usakatengeke ndi zina." Ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo pokwera minibasi ya ku Lilongwe kumayambiriro kwa Januwale 2022, m'mutu mwanga munali laputopu basi.

Kashopu kamene ndinalowamo kanali chakumsika waukulu, kodzaza makompyuta ochokera kunja amene maofesi a kumeneko anathana nawo. Mwini wake, bambo wa imvi zapatalipatali, atamva ndalama zimene ndinali nazo anatulutsa laputopu imodzi n'kuiika patebulo. Inali yaing'ono, ya sikirini ya mainchesi 14, yokandikakandika pachivindikiro, ndipo zilembo zina za pa kiyibodi zinali zitayamba kufufutika. Anati ndi Core i5, RAM yake ndi 8GB, ndipo ili ndi SSD ya 256GB. Ali mkati mofotokoza, maso anga anagwera pa ina imene inali pashelefu kumbuyo kwawo: desikitopu yathunthu, bokosi lake lakuda bii, sikirini yaikulu ya mainchesi 22, kiyibodi, mausi ndi timasipika tiwiri. Pabokosipo panali kapepala konyezimira kolembedwa kuti Core i7. Hard disk yake inali ya 1TB. Mtengo wake unali wotsikirapo poyerekeza ndi wa laputopu ija.

Ndinawerengera mmene aliyense wosadziwa akanawerengera. 7 ndi wamkulu kuposa 5, ndipo 1TB ndi malo ochuluka pafupifupi kanayi kuposa 256GB. Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri sanali masamuwo. Ndinaganiza za amayi. Ndinadziona ndikufika pakhomo ndi kanthu kopyapyala, kokandika, iwo n'kumadzifunsa mumtima kuti mtedza wa munda wonse uja wathera pa kameneka? Ndinkafuna aone chinthu chooneka ndi maso, cholemera, choti anthu awiri athandizane potsitsa.

Wogulitsayo sanandinamize, ndipo zimenezi ndiyenera kuzinena poyera. Anandifunsa kuti, "Achimwene, kusukuluko mukagona kuti?" Ndinati ndikachita lendi, chifukwa m'hositelo sindinapeze malo. "Nanga magetsi akathima muzikatani?" Ndinayankha kuti ku Zomba ndi kutauni, magetsi alipo. Anandiyang'ana kanthawi ndithu, kenako anati, "Ndalama ndi zanu," n'kuyamba kufunafuna makatoni.

Chimene sindinkadziwa tsiku limenelo n'chakuti i5 kapena i7 sizinena zaka za makinawo. Zaka zili pa nambala yotsatira. Yanga inali i7-2600, ya m'badwo wachiwiri, imene inatuluka mu 2011. Laputopu ija inali i5-8250U, ya m'badwo wa 8, ya mu 2017. Pa ntchito ya mwana wasukulu mphamvu zawo sizisiyana kwenikweni, koma yakaleyo anaipanga kuti izidya mpaka mawati 95 pamene inayo ndi 15 okha. SSD nayo, ngakhale inali ndi malo ochepa, mkati mwake mulibe kanthu koyenda, moti imatsegula zinthu mwachangu ndipo siopa kugwedezeka. Mu hard disk muli timbale tozungulira ndi kasingano kowerenga, zinthu zimene zimaonongeka ndi mabampu a mumsewu komanso kuthima kwa magetsi kwadzidzidzi. Zonsezi ndinadzazimva pambuyo pake, madzi atafika kale m'khosi.

Kumudzi kompyutayo inagona m'makatoni momwemo, chifukwa kwathu kulibe magetsi. Amayi anangosuzumiramo, kusisita sikirini ndi nsonga ya chitenje, n'kuitana anzawo kuti adzaone. Ine mtima unali mbee.

Ulendo wa ku Zomba unayamba kundionetsa chimene ndagula. Makatoni anali awiri, kuphatikizapo chikwama cha zovala, thumba la ufa ndi ndowa. Kondakitala ankafuna kuzipanikiza kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbatata, ine ndinakana, choncho bokosi ndinalilipirira mpando wakewake. Sikirini inali pamiyendo panga kuchokera ku Lilongwe, kudutsa Dedza, Ntcheu ndi Balaka, mpaka powoloka Shire pa Liwonde miyendo inali itachita dzanzi. Ophunzira ena amene tinakwera limodzi anali ndi zikwama zapamsana, makompyuta awo ali momwemo, manja ali lende.

Chipinda ndinachipeza ku Chikanda, kumene ophunzira ambiri osowa malo pasukulu amachita lendi. Tinkagonamo awiri. Munali mabedi awiri, katebulo kamodzi ndi soketi imodzi pafupi ndi chitseko. Desikitopu inatenga katebulo konse, moti mesho wanga ankalembera pamiyendo ndipo nsima tinkadyera pansi. Sanandidandaulepo, koma ndinkaona.

Mita ya magetsi inali imodzi nyumba yonse, ndipo tonse ochita lendi tinkasonkherana ndalama ya mayunitsi. Amayi a nyumba ankawerenga zimene aliyense ali nazo: hotipuleti, simbi, ketulo. Atalowa m'chipinda chathu n'kuona bokosi ndi sikirini anaima pakhomo n'kunena kuti, "Ichi ndiye chitimalizira mayunitsi. Inu mwananga muzisonkha kawiri." Mesho wanga, amene ankaphunzira za sayansi, anayesa kuwafotokozera mwaulemu. Anati yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Hotipuleti ya mawati 1,000 imamaliza yuniti pa ola, pamene desikitopu ndi sikirini yake, munthu akungotaipa, zimadya mawati pafupifupi 100, ndiye kuti yuniti imodzi imafika maola 10. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, koma anati iwo akuona mayunitsi akutha msanga chibwerereni chinthuchi, ndipo a zipinda zina anagwirizana nawo. Sindikuwaimba mlandu, ankateteza mtendere wa pakhomo pawo. Malaputopu a anzanga palibe anawawerenga chifukwa ankakhala m'zikwama. Ine ndinkasonkha kawiri, ndalama yochotsa pa ya ndiwo.

Kumapeto kwa Januwale 2022 kunabwera namondwe wa Ana. Madzi osefukira a mu Shire anaononga damu la pa Kapichira ku Chikwawa, ndipo makina a pamenepo, amene amapanga pafupifupi mamegawati 130, anaima. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi womwewo, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, choncho kuima kwa malo amodzi kunamveka m'nyumba iliyonse yokhala ndi waya. Kapichira anadzayambanso kugwira ntchito mu 2023. Chaka changa choyamba chonse chinali cha magetsi ogawana, nthawi zina kuthima m'mawa n'kudzayaka anthu atagona.

Apa m'pamene funso la bambo wa ku Lilongwe uja linandibwerera. Laputopu ili ndi batire, magetsi akathima sikirini imangochita mdima pang'ono, ntchito n'kumapitirira. Desikitopu imathima limodzi ndi getsi la padenga, ndipo chimene sunasunge chapita. Magetsi akathima ku Chikanda, mesho wanga ankangopinda laputopu yake, kuiika m'chikwama, ulendo wa kusukulu, kumene ankapeza soketi yoyaka ndi intaneti. Ine ndinkatsala ndikuyang'anizana ndi sikirini yakuda. Ngakhale tsiku limene magetsi alipo, makina anga analibe WiFi, monga mmene madesikitopu ambiri akale a m'maofesi alili. Intaneti ya sukulu sinandithandize konse. Ndinkagula mabandulo pafoni, n'kuilumikiza ku kompyuta ndi waya, bandulo n'kutha Windows ikudzikonza yokha ine ndisanatsegule buku limene ndinkafuna.

Ndinayamba kulemba maasayimenti pamanja masana, n'kumadikira usiku. Pogona ndinkasiya getsi lili lotsegula kuti magetsi akabwera, kuwalako kundidzutse. Kawirikawiri ankabwera pakati pa usiku. Ndinkadzambatuka, kudina batani, kudikira hard disk ilire kaye mpaka Windows itseguke, kenako kutaipa mothamanga, mtima uli m'mwamba kuti athimanso nthawi iliyonse. Mesho wanga ankadzifunditsa bulangeti mpaka kumutu kuthawa kuwala ndi phokoso la kiyibodi. Kukacha ndinkalowa m'kalasi maso ali psuu, aphunzitsi akulankhula ine mutu ukugwa. Tikakumana pagulu pansi pa mitengo kukambirana ntchito, aliyense ankatsegula laputopu yake n'kuonetsa pamene wafika. Ine ndinkati zanga zili kunyumba.

Tsoka lenileni linagwera pa ntchito ya pagulu. Phunziro lina linkafuna kuti tikafunse mafunso amayi ogulitsa tomato ndi masamba mumsika wa Zomba, za mitengo ndi kumene amaoda katundu wawo. Tinayenda mumsikamo masana angapo, amayi ena akutiyankha mokoma mtima, ena akutifunsa kuti tiwapatsa chiyani. Mapepala atadzaza, anzanga anati popeza ine ndili ndi makina amphamvu ndi sikirini yaikulu, ndi ine ndilowetse mayankho onse mu Excel n'kuyamba lipoti. Ndinanyadira. Aka kanali koyamba desikitopu yanga kuoneka yofunika pamaso pa anthu, ndipo ntchitoyo ndinaigwira mosamala, usiku ndi usiku, pepala lililonse ndikamaliza ndikuliponya m'katoni pansi pa bedi.

Kutatsala pang'ono kuti tipereke, magetsi anathima ndili mkati mwa lipoti. Zimenezo ndinali nditazizolowera, choncho ndinagona osazula pulagi pakhoma. M'bandakucha anabwera mwamphamvu. Getsi linawala kuposa masiku onse, kumbuyo kwa bokosi kunamveka kuti phu, ndipo m'chipinda munadzaza fungo la pulasitiki wopserera. Mesho anadumpha n'kuzula waya. Ndinadikira kuti kuche, ndinabwezera pulagi, ndinadina batani. Zii.

Mtima unakhala pansi pang'ono nditakumbukira fulashi imene ndinkasungiramo mafayilo anga. Koma fulashi imeneyo ndi imene ndinkapita nayo kokapulintitsa mtauni, kumene kompyuta imodzi imalandira mafulashi a anthu osawerengeka. Titaiika mu laputopu ya mesho, mafoda anga onse anali atasintha maonekedwe, ali ndi kamuvi pakona, ukadina osatseguka. Ndinakhala kakasi.

Ndinakulunga bokosilo m'chitenje, pamwamba pepala la pulasitiki, n'kukwera kabaza mvula ikuwaza. Wakabaza anandilipiritsa ngati anthu awiri. Wokonza makompyuta anali mnyamata wa msinkhu wanga, m'kachipinda kodzaza mawaya ndi masikirini osweka. Anamasula tizitsulo tiwiri kumbuyo, kukoka chitseko cha m'mbali, ine n'kuona mkati mwa kompyuta yanga koyamba. Fumbi linali litaundana pa fani ngati thonje lakuda, pakona panali mazira a mphemvu, ndipo kabokosi kachitsulo kamene waya wa magetsi amalowamo kanali ndi mwaye pa timabowo take. Ananunkhiza n'kunena kuti, "Power supply yapsa, aise. Koma iyi ndi nkhani yaing'ono. Ubwino wa desikitopu ndi womwewu, chilichonse chimachoka pachokha." Anatenga ina pashelefu, kuimangirira, fani n'kuyamba kuzungulira. Ndinapuma.

Windows sinatseguke. Anachotsa hard disk n'kuilumikiza ku kompyuta yake. Inazungulira, kenako inayamba kulira kuti tiki, tiki, tiki, n'kusiya, n'kuyambiranso. Anaiika pakhutu, anapukusa mutu. "Iyi yapita. Inali yokalamba kale, ndiye kuthima kwa tsiku ndi tsiku kwaimaliza." Anandifunsa ngati ndinali ndi UPS. Sindinkaidziwa. Anati ndi kabokosi ka batire kamene amakaika pakati pa khoma ndi kompyuta, kamene magetsi akathima kamakupatsa mphindi zochepa zoti usunge ntchito n'kutseka makina bwinobwino. Anatchulanso surge protector, yotchinga magetsi obwera mwamphamvu. Atandiuza mitengo yake ndinaona kuti ikanameza ndalama yonse imene ndinkati ndapulumutsa posiya laputopu ija, n'kupitirira.

Fulashi anaikonza mosavuta. Anati vayilasi ya mtundu umenewu sifufuta mafayilo, imangowabisa, ndipo atalemba mzere umodzi pa kompyuta yake mafoda onse anabwerera. Fayilo ya Excel inalimo, koma inali yakale, ya pamene ndinali ndisanafike ngakhale pakati pa mapepala. Lipoti munalibe. Ndiye anandifunsa funso limene limandipwetekabe: "Pa Google Drive simunaike?" Aliyense amene ali ndi Gmail ali ndi malo aulere okwana 15GB. Ine Gmail ndinali nayo, pafoni imene inali m'thumba mwanga. Fayilo yonse ija inali yaing'ono kuposa chithunzi chimodzi cha pafoni, ndipo kuitumiza sikukanatha ndi bandulo yomwe.

Kulipira wokonza kunali kopepuka poyerekeza ndi kukauza anzanga. Ndinawapeza pamalo athu a nthawi zonse, ndinafotokoza zonse mutu uli pansi. Mnyamata wina anakalipa, ndipo anali ndi chifukwa. Mtsikana wina wa m'gulu lathu, amene ankaphunzira ndi ngongole ya boma ndipo kubwereza phunziro kukanamuvuta kuposa tonsefe, sanayankhe kanthu. Anangofunsa kuti, "Mapepala ali kuti?" Titakatulutsa katoni ija pansi pa bedi tinapeza kuti madzi a mvula amene ankalowa pansi pa chitseko anali atainyowetsa. Mapepala apansi anali atamatirirana, inki itayenderera, mayankho osawerengeka. Otsalawo tinawalowetsa pa laputopu ya mtsikana uja, m'kalasi ina imene munali magetsi, usiku wonse, wina akuwerenga wina akutaipa. Tinapereka mochedwa, ntchito yosakwanira, ndipo malikisi anatsika kwa tonse. Anthu amene sanali nane m'kashopu ka ku Lilongwe analipira nawo chisankho changa. Pa zonse zimene zinachitika, ichi ndi chimene chimandilemera.

Nthawi ya tchuthi inabweretsa vuto lina. Kunyamula makatoni aja kupita nawo ku Mchinji kunali kungowayendetsa, popeza kwathu tili ndi kasola kakang'ono kotchajira mafoni basi. Laputopu ndikanamakaitchajitsa kometera tsitsi pamsika n'kumawerenga madzulo. Desikitopu ndinaisiya kwa amayi a nyumba, ndikulipira kangachepe ka malo. Nditafika kumudzi amayi anandifunsa kuti, "Kompyuta ija ikukuthandiza?" Ndinati, "Ikundithandiza, amayi." Anasangalala, ine nsima ya tsiku limenelo sinatsike bwino.

Nditabwerera ndinaganiza zoigulitsa kuti ndigule laputopu. Apo n'kuti mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinali chitakwera. Malaputopu anakwera nawo. Desikitopu yanga sinakwere, chifukwa panalibe wophunzira ngakhale mmodzi woifuna. Anadzaigula ndi bambo wina wa kashopu koikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Kwa iwo inali yoyenera ndithu: ali ndi malo okhazikika, sayenda nayo, ndipo magetsi akathima makasitomala amadziwa kuti abwerenso. Anandipatsa ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene amayi anandipatsa.

Ndi ndalama yochepayo ndinagwa kachiwiri. Ndinaona laputopu yotsika mtengo pa gulu lina la malonda pa intaneti, ndipo tinapangana ndi mwini wake kukumana pafupi ndi depoti. Anandipeza atailumikiza kale pasoketi ya m'kagolosale kena. Inayaka bwino, inali ndi SSD, kiyibodi yonse inkagwira. Ulendo uno ndinayang'ana m'badwo wake, ndinayang'ana RAM, ndinadziona ngati ndaphunzira. Chimene sindinachite ndi kumuuza kuti azule tchaja. Nditafika kunyumba magetsi anali atathima. Ndinaitsegula, inayaka, ndipo ndisanamalize kulemba ndime imodzi inathima. Foni ya wogulitsa uja sinapezekenso.

Ndinabwerera kwa wokonza uja manyazi ali tho. Sanandiseke. Anandionetsa kanthu kamene ndikufuna wophunzira aliyense akadziwe. Pa Windows, ukatsegula Command Prompt n'kulemba kuti powercfg /batteryreport, kompyuta imatulutsa lipoti la batire. M'menemo muli manambala awiri oyandikana: Design Capacity, mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano, ndi Full Charge Capacity, imene ikutha kusunga lero ikadzaza. Wachiwiriyo akakhala wochepa kwambiri poyerekeza ndi woyamba, batire yatha, ngakhale kachizindikiro ka pakona kakunena kuti 100%. Mabatire amenewa amafooka ndi zaka komanso kutentha, ndipo laputopu yakaunjika imabwera itagwira kale ntchito zaka zambiri kwina. Yanga inali itatsala ndi kachigawo kochepa zedi. Batire ina ndinadzagula ndi ndalama ya ganyu yophunzitsa ana a sekondale masamu Loweruka, ndipo kuyambira pamenepo m'pamene ndinganene kuti ndinali ndi kompyuta ya kusukulu.

Achemwali ndi amene ndinayamba kuwaululira. Sanandikumbutse mawu awo aja, anangoti, "Amayi ukawauze wekha, asamve kwa ine." Nditawauza amayi, ndinkayembekezera kuti afunsa za ndalama. Anakhala chete, kenako anati, "Nanga anzako aja unawapepesa?" Ndinali nditawafotokozera zimene zinachitika, koma kupepesa kwenikweni ndinali ndisanapepese. Nditabwerera ku Zomba ndinawafunafuna mmodzimmodzi.

Sindikufuna wina amve ngati desikitopu ndi chinthu choipa, kapena kuti laputopu ilibe mavuto. Ili nawo, ndipo ena ndi owawa. Ku Chikanda komweko, mnzathu wa chipinda choyandikana nafe anasiya yake pabedi pafupi ndi windo, anapita kukasamba, pobwera anapeza waya wa tchaja yekha. Bokosi langa lija palibe wakuba akanalitulutsira pawindo. Laputopu ikagwa sikirini imasweka, mahinji amathyoka, tiyi akatayikira pa kiyibodi amalowa mpaka mkati, ndipo m'zambiri zopyapyala za masiku ano RAM anaimatirira moti sungaionjezere. Kuiwerama tsiku lonse kumapweteketsa khosi. Desikitopu pa ndalama yofanana imakhala yamphamvu ukasankha ya m'badwo wabwino, siitentha msanga, ndipo chikaonongeka chimodzi umasintha chomwecho. Wophunzira amene akuchokera pakhomo pa makolo mtauni, ali ndi chipinda chake ndi UPS, makamaka ngati amajambula mapulani pa AutoCAD kapena kukonza mafilimu, desikitopu ingamutumikire bwino kwambiri.

Ine sindinali wophunzira ameneyo, ndipo ambiri mwa ife amene timachokera kumudzi n'kukachita lendi sitili. Maphunziro anga ankafuna Word, Excel, kuwerenga mabuku a PDF, ndipo m'zaka zakumapeto SPSS. Zonsezi laputopu yokandika ija ikanazichita popanda kubuula. Pa ntchito yolemera kwenikweni, sukulu zili ndi zipinda za makompyuta. Chimene ndinkasowa chinali makina oti ndiziyenda nawo kumene kuli magetsi, kumene kuli intaneti ndi kumene kuli anzanga.

Lero kulakwitsa kotere n'kokwera mtengo kuposa nthawi yanga. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwanso mphamvu ndi 44 peresenti. Komanso Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11, pa makina a Intel, imafuna a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Laputopu imene ndinaikana ija ikanailandira, desikitopu yanga ayi. Makompyuta ambiri akale amene maofesi akunja akuwataya pa chifukwa chimenechi ndi amene akudzaza mashelefu athu, mapepala a i7 akunyezimira.

Inu amene mayina anu atuluka chaka chino, ndipo kwanu wina wagulitsa soya, mbuzi kapena fodya kuti mupeze kompyuta: musanapite kushopu, dziwani kaye kumene muzikagona, ndipo mufunse amene akukhala kumeneko za magetsi ndi masoketi. Ngati mukachita lendi, gulani laputopu, ya m'badwo wa 8 kapena kuposerapo, ya RAM yosachepera 8GB, yokhala ndi SSD, ngakhale ikhale yokandika. Ntchito iliyonse ya pagulu muziitumiza pa intaneti tsiku lomwelo. Ndipo wogulitsa akakuyatsirani, muuzeni azule tchaja pakhoma, inu mukhale pomwepo ndalama zili m'thumba mpaka muone mmene batire ikutsikira.